Thabwa la Misomali Khumi

Pa 9 Meyi, Lachiwiri m'mawa, anazula thabwa la mayi Tiwerengenso pakhoma la chipinda cha opaleshoni n'kukaliponya kuseri kochapira. Akuti thabwa limasunga tizilombo. Mwina n'zoona, koma eni ake sanafunsidwe.

Dzinalo si la makolo, anawapatsa ndi madokotala. Zaka makumi awiri ndi zitatu mayiwa akhala akutsuka zida ndi kutolera tinsalu topukutira magazi. Kansalu kakatuluka m'mimba mwa wodwala, ankakakoloweka pamsomali wake. Tinsalu khumi, misomali khumi. Msomali umodzi ukakhala wopanda kanthu, dokotala sankasoka.

Komiti yokonza kagwiridwe ka ntchito inakumana miyezi itatu n'kubereka fomu ya masamba anayi, yolowa m'malo mwa thabwalo. Mayiwa anawaitanako kamodzi, kudzachotsa makapu.

Lachisanu masana anabwera naye mtsikana wapakati, mwana atapingasa. Anamung'amba, mwana anatuluka n'kulira. Namwino anachonga fomu mizere yonse.

"Takwana tinsalu, adokotala."

Mayi Tiwerengenso, posowa misomali, anali atayala tinsaluto m'mphepete mwa beseni. Anawerenga kawiri.

"Adokotala, pepani, musasoke."

"Amayi, fomu yanena kale."

"Fomuyo ilibe maso, bambo. Ine ndikuona tisanu ndi tinayi."

"Mwayambanso masamu anu aja?"

"Ntchito mundichotse mawa. Lero pisaninso dzanja."

Dokotala anausa moyo, napisa. Kenaka anatulutsa kanthu kofiira, kofinyikana ngati chiwindi cha nkhuku.

Mayiwa anatsamira pakhoma pomwe panali thabwa paja.

"Khumi," anatero dokotalayo motsitsa mawu. "Zikomo, mayi anga."

Mtsikana uja anatuluka patapita masiku anayi, akuyenda yekha, mwana ali m'manja mwa apongozi ake. Sadziwa n'komwe chimene chikanamuwolera m'mimba.

Lero pakhomapo pali chitsulo chonyezimira cha ngowe khumi, chotheka kuwiritsa. Mayiwa amachipukuta okha m'mawa uliwonse, ndipo akuti mtima wawo wakhala pansi, zina zonse alibe nazo ntchito. Mu lipoti mwalembedwa kuti chitsulocho ndi nzeru ya komiti.

Mayiwa ndi ofatsa, safunsa. Koma funso lilipo. Inu a komiti, pa 2 Juni muli ndi msonkhano wina. Mayi Tiwerengenso adzabwera kudzakhala pampando, kapena kudzachotsanso makapu? Yankhani, ndipo mulembe.