Helikopita ya Che Mikaili

Aliyense amene anayendako ku Old Town m'zaka za m'ma 1970 anawerengapo dzanja la Che Mikaili, ngakhale sankawadziwa nkhope. Zikwangwani za matelala, za mabutchala ndi za okonza mawotchi, kuyambira pa mlatho mpaka kuseri kwa msika, zinatuluka m'burashi yawo. Eni akewo anali kamunthu kowonda, kovala kachisoti ka mawangamawanga a penti, kolusa ngati mavu. Pakamwa pawo panalibe chitseko. Mukawauza kuti chilembo chapendama, ankakuyang'anani kuyambira kumapazi n'kukufunsani kuti sukulu munalekezera kalasi yanji. Akazi awo, mayi Tausi, ankati bamboyo adzaphedwa ndi lilime, ndipo sanaphonye kwenikweni.

Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti zikwangwani zonsezo zinkatchukitsa mayina a anthu ena. Iwo ankafuna chithunzi chimodzi chokha choti anthu aime pamsewu n'kufunsa kuti wajambula ndani.

Mwayi unabwera mu Julayi wina. A Chandrakant, mmwenye wa sitolo ya nsalu, anali ndi holo yoonetsera kanema. Filimu ya sabata imeneyo inafika pa lole, koma chipepala chake choitanira anthu chinali chitanyowa ndi dizilo. Anaitana Che Mikaili kuti aonere masana, akajambule chawo pa bolodi.

Inali ya chilombo chonga ng'azi, chachitali kuposa nyumba zosanja zimene zinkamangidwa ku City Centre. Asilikali anachibwerera pa helikopita yaikulu ya zopukusa ziwiri, china kutsogolo china kumbuyo, yotseguka kumatako n'kumeza jipi ndi anthu omwe. Chilombocho chinangoitola m'malere ngati mwana akugwira ngumbi.

M'holomo munalinso a Nebert, tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene analowa osaitanidwa ponena kuti ayenera kuona zimene anthu awo adzaonetsedwe. Anali chimunthu cha mimba, chokonda kuopedwa. Chilombo chitatembenuka n'kubangula molunjika kwa oonera, a Nebert anadziponya pansi pa mpando, chipewa uko. Che Mikaili anaseka mpaka kutsokomola. Munthu wanzeru akanasekera m'mimba n'kuiwala, koma iwo anakaifalitsa mumsika monse, n'kuithira mchere woti buluku la a Tcheyamani linatuluka lonyowa.

Tsono a Chandrakant anali ouma manja. Penti watsopano anakana kugula. Anatulutsa zitini zotsala pokongoletsa sitolo pa chikondwerero cha ufulu: wakuda, wofiira, wobiriwira, ndi woyera pang'ono.

"Bwana, helikopita ija ndi yotuwa," anatero Che Mikaili.

"Sakanizani. Si inu katswiri?"

Woyera yense anathera pa khungu ndi mano a chilombo. Pofika pa helikopita, Che Mikaili anangoganiza zoti iwale, ionekere patali. Msana anaupaka wakuda, pakati wofiira, kumimba wobiriwira, zala za chilombo zitaifinya mpaka kupindika. Anagwira masiku atatu osadya bwino. Atamaliza anachita chimene anali asanachitepo: pakona yakumanja analemba dzina lawo.

Bolodi linaimikidwa m'mawa wa Lachisanu. Anthu anadzaza msewu mpaka njinga kusowa podutsa, ndipo ankafunsanadi kuti wajambula ndani. Che Mikaili anaima chapambali, manja kumbuyo, mtima uli mbee. Chisangalalo chawo chonse cha moyo uno chinakwana maola anayi.

A Nebert anafika ndi anyamata awo anayi. Sanakalipe. Analiyang'ana bolodilo modekha ngati munthu wosankha mbuzi.

"Che Mikaili, mbendera ya dziko lathu ili ndi mitundu yanji?"

Kenako anatembenukira kwa anthu aja.

"Nanga m'dziko muno, amene amayenda pa helikopita ndani?"

Khamu lija linayamba kusungunuka. Aliyense anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kopita. A Chandrakant anatuluka m'sitolo akupukuta thukuta, poti ankadziwa kuti mmwenye amatha kupatsidwa tsiku limodzi loti alongedze n'kuchoka m'dziko muno.

"Ine ndinangopereka zitini, a Tcheyamani. Dzina lili apolo ndi la mwini wake."

Apa Che Mikaili anaona zimene anajambula: helikopita ya mtsogoleri wa dziko ili m'zala za chilombo. Akanagwada, akanapempha laimu n'kufuta pomwepo, mwina zikanathera pa makofi. Koma nkhope ya a Nebert inali ikumwetulira, ndipo lilime lija linawatsogolera.

"Helikopitayo mwaidziwa bwanji inu, a Nebert, poti pamene inkauluka munali pansi pa mpando?"

Landirova ya apolisi inabwera kudzawatenga anthu asanatuluke mumzikiti.

Anakhala otsekeredwa zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri, osaonako bwalo la milandu. Kumene anali sanakusimbe kwa munthu, ngakhale kwa mayi Tausi, amene anasunga nyumba pogulitsa samusa pa depoti. Chimene chinasimba ndi dzanja lamanja. Zala zitatu zinabwera zopindika, ndipo linkanjenjemera ngakhale ali m'tulo. Anayesa burashi kamodzi pa chibenthu cha katoni. Chilembo chinatuluka ngati podutsa nyongolotsi, ndipo maburashi onse anawataya m'chimbudzi. Holo ija anaipeza itasanduka mosungira matumba a shuga. A Chandrakant akawaona ankalowa m'kati.

Kuyambira pamenepo ankalawirira wapansi ku Area 43, kukapaka laimu m'mipanda ndi m'mitengo ya mabwana ndi dzanja lamanzere. Munthu amene ankalemba chilembo chowongoka popanda lula ankalondoleredwa ndi ophika a mabwanawo kuti apa mwasiya. Mkwiyo sunawathere. Ankatukwana agalu, ankatukwana dzuwa, ana a anthu oyandikana nawo ankawathawa.

Ndi mayi Tausi amene anadzawauza, patapita chaka, kuti bolodi lija silinawotchedwe. A Nebert sakanataya thabwa labwino chotero. Anapala helikopita ndi chikwanje, lotsalalo n'kukhomera khola la nkhuku kuseri kwa nyumba yawo, kumene akazi awo ankagulitsa mazira.

"Musapiteko, bambo," anatero mayiwo. "Ndakuuzani kuti mungodziwa."

Anapita Lachisanu la sabata lomwelo, atachoka ku mapemphero. Ndipo anapitanso Lachisanu lotsatira, ndi linalo, kwa zaka. Che Mikaili mazira sankadya, ankati amawanyansa fungo. Koma chithunzi china cha dzanja lawo chinali chiti? Zikwangwani zonse zija anali atazifuta kale anyamata atsopano.

A Nebert ankawadikira pakhonde, miyendo ili pa mpando wina.

"Mwabweranso, ajambuli?"

"Tabwera, a Tcheyamani."

"Moni wake ndi ameneyo? Kumene munapita kuja sanakuphunzitseni ulemu?"

Che Mikaili ankavula nsapato, n'kupereka moni wa manja awiri, lopindika lija lili pamwamba. Ankadana naye munthuyo mpaka mano kuwawa, ndipo a Nebert ankadziwa, n'chifukwa chake sanaliwotche bolodilo. Akapereka moniwo ankaloledwa kuzungulira kuseri kuti akasankhe okha mazira.

Chilombo chinali pomwepo, chitasuluka ndi mvula, mano ali panja, dzanja lili m'mwamba litafumbata thabwa lopalidwa. Che Mikaili ankanjuta pakona yakumanja, pamene nkhuku zinkakonda kuchitira zitosi. Ankalavulira pa chala chachikulu cha kumanzere n'kupukuta pang'onopang'ono, mpaka dzina lawo litawerengeka. Kenako ankatola mazira awiri n'kunyamuka.