Miyala ya Alamu Anga m'Chitsime

Ndinali pa chitengwa kwa Zingalume, ndili ndi mwana mmodzi wa kubere, pamene mng'ono wa amuna anga anabwera kutchuthi kuchokera kusukulu yaikulu ya kutali. Anafika ndi wotchi pamkono, chinthu chimene ngakhale aphunzitsi a pamudzi pathu analibe.

Masiku amenewo anthu sitinali pamtendere. Kunkamveka mphekesera zoti azungu akuthira mankhwala mu shuga kuti akazi tisabereke, ndipo aliyense wokhala pafupi ndi azungu tinkamuyang'ana ndi diso lina. Chitsime chathu chinali chatsopano, chakuya, chokumbidwa ndi anthu obwera. Ena ankakana madzi ake.

Tsiku lina masana ndinapita kukatunga, ndinapeza alamuwo atawerama pachitsime. Anaponyamo kanthu, maso ali pa wotchi, milomo ikugwedera. Kenaka anaponyamo kena. Ndinabwerera mwakachetechete, mtsuko uli wopanda madzi.

M'mawa mwake mwana wanga anayamba kutsegula m'mimba.

Mtengwa sanenera mwana wa eni mudzi za ufiti. Ndinangoyamba kukatunga kudambo, kutali, mpaka apongozi anga aakazi anandifunsa chifukwa. Nditawauza, anaitana mwana wawoyo pomwepo.

"Iwe, ukuthiramo chiyani m'chitsime?"

Alamu anaseka. "Miyala chabe, amayi. Ndikuyeza kuya kwake."

"Ndi miyala?"

Alamuwo anatitengera kuchitsimeko, amayi ena akutitsata. Anati mwala ukamagwa suyenda ngati ng'ombe pangolo, liwiro lake limangowonjezeka. Pa sekondi yoyamba umagwa mapazi khumi ndi asanu ndi limodzi, pa yachiwiri umagwa katatu kuposa pamenepo. Ukadziwa nthawi, wadziwa mtunda. Anaponya mwala, tinamva phava! Iwo anati, "Masekondi awiri. Mapazi makumi asanu ndi limodzi ndi anayi."

Ine ndinkayang'ana dzanja lawo, osati wotchi. Mwala umene anationetsa ndinauona, koma dzanja lina linali m'thumba la kabudula.

"Alamu, mumanong'ona chiyani poponya?" ndinafunsa.

"Ndimawerenga, alamu."

"Mumawerenga m'Chingerezi?"

"Ndi mmene tinaphunzirira."

Amayi aja anayang'anizana.

Apongozi analamula kuti titsitse chingwe cha ndowa mpaka chikhudze madzi, kenaka tichiyale pansi. Alamu anachiyeza ndi mapazi awo. Chinaperewera pang'ono pa zimene ananena, koma pang'ono pokha. Iwo anakondwa, akuyesa kuti mlandu watha. Koma mayi wina wachikulire, mzamba wa pamudzipo, anati, "Nanga wadziwa bwanji za pansi pamene sunafikepo? Ndipo chingwe chilipo, miyala ya chiyani?"

Anagwirizana kuti madzi onse akapidwe, ndipo woponya miyalayo alowe yekha akatulutse zimene anaponya. Ngati muli mankhwala, ayambe ndi iye.

Amuna anga ndi anzawo anakapa madzi m'mawa wonse. Dzuwa lili pamutu anam'manga mnyamatayo chingwe m'chiuno. Anavula wotchi napatsa ine kuti ndisunge. Ndinailandira ndi nsonga ya chitenje, osaikhudza.

Ndowa yoyamba inabwera ndi miyala, miyala wamba ya m'njira. Yachiwiri inabwera ndi matope ndi chikho chosweka. Amayi ena anayamba kuseka, manyazi akuwagwira. Mu ndowa yachitatu munali kansupa kakuda, kokulungidwa mikanda yofiira, kukamwa kwake kotsekedwa ndi phula. Mikandayo inali itamera ndere. Sikanali ka dzulo kapena dzana, kanalowamo mwiniwake wa wotchi asanabwere.

Kuseka kunatha. Palibe anafunsa kuti n'ka yani. Aliyense ankayang'ana mnzake, ndipo ine, mlendo pamudzipo, ndinaona maso angapo akutera pa ine.

Alamu anatuluka akunjenjemera ndi kuzizira, nafunsa chimene chachitika. Apongozi anangowafunditsa nsalu.

Kansupako anakakatentha akulu a mpingo kuseri kwa tchalitchi. Mwana wanga anachira mano atamera. Tchuthi chitatha alamu anabwerera kusukulu, amuna anga atawakweza pa njinga mpaka kuboma kwa Chadiza. Chitsimecho anachiikira chivundikiro cha matabwa, ndipo mpaka mvula inagwa, mkazi aliyense popita kukatunga ankaitana mnzake woti akhale mboni.