Nyumba ya pamwamba ku Maryhill

Ndinachoka ku Thyolo nditatopa ndi kusonkhezera nkhuni za bulugamu m'boyila ya fakitale ya tiyi. Mayi anali atangomwalira, koma bambo anangoti, "Pita iwe, ine si mwana."

Ku Glasgow, mzinda wa ku Ulaya, ndinamaliza sukulu n'kuyamba ntchito yojambula njira zotenthetsera nyumba. Ku Maryhill, dera lina la mzindawo, m'mbali mwa ngalande, tinaika boyila imodzi yodya tizibenthu ta mitengo, yotumiza madzi otentha m'mapaipi kupita m'nyumba zonse za mdadada wina wakale wosanjikizana. Madziwo amapita otentha, n'kubwerako atazirala, ine n'kumayang'ana pakompyuta mmene abwerera. Munthu akatsegula zenera, madzi ankandiuza. Akachepetsa kutentha potuluka, ankandiuzanso. Nkhope zawo sindinkazidziwa, koma ndinkadziwa nthawi imene aliyense amadzuka. Kunena mosabisa, anzanga anali amenewo.

Tsiku lina masana ndinaona pakompyuta kuti mzere wosonyeza kutentha kwa nyumba ya pamwamba penipeni wangoti tantha, ngati chingwe choyanikapo zovala. Nditayang'ana m'mbuyo, ndinapeza kuti watha milungu ingapo osagwedezeka. Ndinakwera masitepe ndi Moira, mayi woyang'anira mdadadawo. Chitseko chinali chofunda nditachigwira. Makalata anali atatseka kabowo kake. Titagogoda, mapaipi a mkati anagogodanso pang'onopang'ono, ngati wina akutiyankha. Fungo ndilo linatiuza zonse apolisi asanafike. Anali mkulu wina wokhala yekha, ndipo moto wanga unali ukumufunditsabe mokhulupirika.

Mtima unandipsa. "Kwathu munthu safa chonchi," ndinamuuza Moira. "Ukangochedwa kusesa pakhomo, anansi afika kale."

Iye anangondiyang'ana. "Nanga bambo ako unawaona liti?"

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, iwo n'kumayankha mawu awiri okha pafoni, "Ndalandira, zikomo." Ine ndinkati basi, udindo ndakwaniritsa. Kuyambira tsiku limenelo mantha sanandichoke, mpaka ndinagula tikiti yobwerera kwathu.

Ndinafika mu Juni, chiperoni chikuwaza. Nyumba ndinaizindikirira mpanda wa njerwa umene ndinaujambula ndekha ndili ku Glasgow, wautali, wa geti lachitsulo. Kanjira kolowera kanali katamera udzu. Ndinagogoda, ndinagogoda, zii.

Mayi wina wodutsa ndi ndowa pamutu anaima. "Amenewo ali bwino, achimwene. Mwana wawo ali ku Ulaya. Ife n'kulowa bwanji mumpanda ngati umenewu?"

"Munawaona liti?"

Anayang'ana kumwamba, kuwerenga ndi zala, tsiku osalipeza.

Kenako loko analira. Bambo anasuzumira atafunda bulangeti, ataonda, ndevu zili mbuu. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndimayesa ndi mphepo," anatero. "Geti limeneli, chiliikireni, palibe amene analigogodapo."