Nkhaka za M'munda wa Achemwali

Achemwali anga anapita ndi madzi chaka chimene phiri la Michesi linagumuka. Anatsikira kudimba kukamasula mbuzi zimene anazimangirira pafupi ndi mtsinje, madziwo n'kuwapeza komweko. Thupi lawo linakapezeka kutali kuchigwa, ndipo tinawazindikira ndi chitenje. Pamenepo sindifuna kukhalitsapo. Ndikufuna kunena za amuna awo, alamu anga, ndi miyezi imene anakhala nafe maliro atatha.

Alamu anali mkamwini. Kwawo kunali kufupi ndi malire a Mozambique, koma anakhalitsa pamudzi pathu moti ana ang'onoang'ono sankadziwa kuti anachita kubwera. Nyumba yawo ndi yanga zinali zoyang'anizana, pakati pali bwalo ndi thandala loyanikapo mbale. Ana awo onse anali atakula n'kupita kutauni. Atabwerera kuntchito zawo pambuyo pa maliro, bambowo anatsala okha m'nyumbamo kudikira tsiku lowasudzula, loti abale a mbali zonse akhale pansi n'kuwamasula ku ukwati wawo. Amalume, amene ndiwo eni mbumba yathu, anandiitanira pambali n'kundiuza kuti, "Munthuyu akadali m'manja mwathu. Uziwaphikira."

Ndinkawaphikira, koma chakudya chinkabwerera. Ndikapititsa phala m'mawa, ndinkalipeza litauma pamwamba, supuni ili pomwe ndinaisiya. Matemba ankangowadzula mitu n'kuwasiya. Sankakana, sankadandaula. Ankangoti, "Zikomo alamu, ndadyako," akuyang'ana kumbali. Njinga yawo, imene kale inkanyamula matumba a nandolo kupita kumsika, inatsamira khoma mpaka matayala anaphwa. Tsiku lina ndinawaona akuboola lamba wawo ndi msomali chifukwa mabowo akale anali atawakulira.

Munda wa achemwali unali utakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Chimanga chonse chinapita. Palibe ankapitako, ngakhale alamu amene. Dothi litayamba kuuma ndinadutsako ndikufuna nkhuni, ndipo pangodya yakumtunda, pamene madzi anangodutsa m'mbali, ndinapeza nkhaka zitayanga pamchenga. Zinabereka kwambiri, zina zitayamba kale kuchita chikasu. Ndinakhala pamwala kwa kanthawi. Kenako ndinathyola zanthete n'kuzimanga pachitenje.

Achemwali ankadziwika ndi achari wa nkhaka. Anthu ambiri kwathu achari amamudziwa wa mango okha, ndipo nkhaka timangodya zaziwisi kumunda. Koma m'nyumba mwawo simunkasowa botolo la achari pawindo, ndipo alamu sankadya mpunga popanda achariyo. Ine sindinaphunzirepo kapangidwe kake. Ndikanaphunziriranji, pamene ndinkangowoloka bwalo ndi kambale m'manja?

Ndinayesa ndekha. Ndinadula nkhakazo, n'kuthira mchere, tsabola ndi mandimu, n'kutseka m'botolo. Zinangosanduka madzi, fungo lake losakhala bwino, ndipo posakhalitsa pamwamba panachita nguwi. Ndinakataya kudzala alamu asanaone.

Amene anaphunzitsa achemwali ndinkawadziwa. Anali mayi wina wachisilamu wa pa Chiringa, wogulitsa samusa. Awiriwa anadziwana kuchipatala kalekale, atagona mabedi oyandikana pobereka ana awo oyamba, ndipo chinzake chawo sichinathe. Ndinathyola nkhaka zina, n'kusenza m'beseni, ulendo wa pansi.

Ndinawapeza pakhonde akukanda ufa. Atandiona anasiya zonse, n'kundigwira manja anga onse awiri, ufa uli m'manja mwawo. Kumaliro sanafike chifukwa msewu unali utaduka, ndipo uthenga unawapeza mochedwa. Tinalira limodzi pakhondepo ngati kuti maliro achitika tsiku lomwelo. Atapukuta maso ndi mpango wawo anayang'ana m'beseni.

"Izi n'za m'munda mwake?"

"Eee, amayi. Zapulumuka zokhazi. Amuna awo sakudya. Ndinayesa kupanga, koma zinawola."

"Munazifinya?"

"Ayi."

"Basi, n'chifukwa chake. Khalani apa. Tenganiko mpeniwo."

Anandionetsa kusenda mosiyako mizere ya khungu kuti zisafewe kwambiri. Kenako kung'amba pakati n'kukokolola nthanga zonse ndi supuni, chifukwa madzi owoletsa amakhala mmenemo. Tinazidula tizidutswa ting'onoting'ono ngati nyemba, tinawaza mchere wambiri, n'kuzisiya palichero kuti zikhe. Podikira anandiuza za achemwali zimene ine, mng'ono wawo, sindinkazidziwa: kuti mwana wawo woyamba atakana bere, mayiwa ndi amene anamuyamwitsa tsiku loyamba; kuti achemwali ankaopa kwambiri kuwoloka mitsinje, ndipo nyengo ya mvula sankabwera kumsika.

Nkhaka zitakha, tinazikulunga m'nsalu yoyera n'kupotokola, wina mbali iyi wina mbali iyo, mpaka madzi anasiya kudontha. Tinaziyanika pang'ono padzuwa. Iwo anatenthetsa mafuta, anaponyamo anyezi, adyo, chikasu chosinja ndi tsabola wa kambuzi, n'kuphula zisanapserere. Mafuta atazizira tinasakaniza ndi nkhaka zija, tinafinyiramo mandimu, ndi kashuga kapansonga ya supuni. Botolo analitsuka ndi madzi owira n'kuliumitsa padzuwa.

"Mafuta azikhala pamwamba nthawi zonse," anatero akutsindira. "Ndipo supuni yonyowa isalowemo. Alamu anuwo musawapatse lero. Achari wa lero amangowawa, sanagwirizane."

Ndinadikira monga ananenera. Tsiku limene ndinatsegula botololo ndinaphika mpunga ndi nandolo, n'kuika supuni imodzi ya achari m'mphepete mwa mbale. Ndinapititsa pakhonde pawo, ndinawasambitsa m'manja, n'kubwerera kukakhala pakhomo panga, pomwe ndinkatha kuwaona.

Anavundukula mbale. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaivundikiranso, anaimirira n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Ndinadziuza kuti ndawatonosa pachilonda munthu wosalakwa. Ndinali pafupi kukachotsa mbaleyo pamene anatulukira, maso ali ofiira, n'kundiitana.

"Alamu, nkhakazi mwazitenga kuti?"

"M'munda mwa achemwali. Pangodya yakumtunda paja."

"Zamera?"

"Zabereka ndithu."

Anakhala pansi. "Ine ndinawaletsa kubzala pamenepo. Ndinati zimapanikiza chimanga. Iwo anangoseka, n'kubzala ine nditatembenuka." Mawu otsatira anawanena m'Chilomwe, motsitsa, ndipo sanali kuuza ine. Kenako anatenga supuni. Sanamalize mbale yonse, koma anadya kupitirira theka, ndipo achari sanatsaleko.

Kuyambira pamenepo botolo silinachoke pakhonde pawo. Ankaika pa makaka, chinangwa chouma chija, ophika m'mawa, pa mbatata, pambali pa matemba ootcha. Nyemba zikakhala zopanda tomato, ndinkathiramo supuni imodzi ndikamaphula, ndipo zinkadyeka. Chaka chimenecho ndiwo zinali zosowa kwa aliyense, madimba onse atakokoloka, choncho anthu oyandikana nafe anayamba kubwera ndi timbale. Panali ena amene anakana, ankati sangadye chomera pamene panadutsa madzi odya anthu. Sindinawatsutse. Aliyense chaka chimenecho anali ndi chake chimene sankatha kuchiyang'ana.

Botolo lachiwiri litatsala pang'ono kutha, ndinatenga beseni kuti ndikathyole zina. Alamu anati, "Dikirani, tipitire limodzi." Aka kanali koyamba kuti aponde m'mundamo. Anaima pakati pa mchenga manja ali m'chiuno, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna malire a munda wa eni. Ine ndikuthyola nkhaka, ndinamva kugunda. Anali atanyamula mwala n'kuuponya m'mphepete. Ananyamula wina. Pamene ndinkasenza beseni, anandiuza kuti nditsogole.

Chilimwe chonse anathera mmenemo. Miyala ing'onoing'ono ankaituta ndi ndowa, ikuluikulu ankaigubuduza ndi mtengo. Mchenga ankaukumba mpaka kupeza dothi lakuda pansi pake, n'kulitembenuzira pamwamba. Anthu odutsa ankapukusa mitu. Wina anawafunsa pamaso panga kuti, "Mukuvutikiranji, poti munda ndi wa kuchikazi? Akakusudzulani muutenga?" Iwo anangoyankha kuti, "Ana anga adzaufuna," n'kupitiriza kukumba. Ankabwerako ali ndi njala yeniyeni, ndipo masaya anayamba kubwerera. Nkhaka zili pafupi kutha m'munda, anasankha ziwiri zokhwima, anachotsa nthanga n'kuziyanika padenga, kenako anandipatsa zili m'kachitini.

Tsiku lowasudzula linafika mvula isanayambe. Abale awo anabwera, ankhoswe anakhala pansi, mwambo unachitika. Pamapeto pake amalume ananena mawu amene sindinawamvepo akunenedwa kwa mkamwini aliyense. Anati, "Bambo, mwamasuka. Koma nyumbayi munamanga ndinu, ndipo munda uja tonse tauona. Mukafuna kukhala, khalani. Ndinu munthu wathu."

Ine ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti avomera. Alamu anathokoza, anawomba m'manja, n'kunena kuti, "Mwandisunga bwino, sindingakane. Koma pano paliponse ndikayang'ana ndikuona munthu mmodzi. Ndikatuluka pakhomo ndimayembekeza kumva mawu awo. Ndiloleni ndikakalambire kwa alongo anga." Palibe anawaumiriza. Ine ndinalowa m'nyumba, chifukwa sindinafune kuti anthu andione nkhope. Ndinali nditazolowera kuphika mbale ziwiri, ndipo kuwaphikira kuja n'kumene kunkandidzutsa m'mawa miyezi yonse ija. Ndinazindikira zimenezi tsiku lomwelo.

Anapopa matayala a njinga, anamanga katundu wawo wochepa, n'kupita. Nyumbayo tsopano mukukhala mwana wawo wamkazi, amene anabwerako kutauni ndi ana ake, ndipo munda uja akulima ndi iyeyo. Nkhaka timabzala chaka chilichonse, ndipo achari timapangira limodzi, iye kupotokola nsalu mbali ina, ine mbali ina. Amathira tsabola wambiri kuposa mayi ake.

Alamu ndinakumana nawonso kamodzi kokha, pa Phalombe Boma, ndikuchokera kuchipatala kukayezetsa maso. Anali pamalo okwerera minibasi ndi mayi wina wamtali, wooneka wofatsa, atanyamula thumba la mbewu ya mpunga. Ndinali nditamva kale kuti anakwatiranso, koma ndinangoima patali osawayandikira. Iwo ndi amene anayamba kundiona. Anavula chipewa, anabwera msangamsanga, n'kutembenukira kwa mkaziyo.

"Awa ndi mlongo wanga," anatero. "Ndinakuuzani aja."

Mayiyo anatula thumba pansi, anagwada pafumbi pomwepo n'kundipatsa moni. Ndinamugwira dzanja n'kumudzutsa. Tinafunsana za ana, za mvula, za maso anga. Kondakitala anayamba kumenya chitseko cha minibasi, ndipo ndinawathandiza kukweza thumba lija.