Poto Wakuda wa a Fredesvinda

Ndinkagwira ntchito kuseri kwa sitolo yaikulu ya ziwiya ku Santiago. Munthu akabwera ndi poto wakutha, ndinkamuika pa sikelo n'kumuponya m'khola la waya, mwini wakeyo n'kukatenga watsopano pamtengo wotsika. Lachinayi lililonse kunkabwera lole yotenga mapotowo kukawasungunula.

A Fredesvinda ndinkawadziwa kale. Kwa zaka makumi atatu ankaphikira akabaza a njinga zamoto mpunga ndi nyemba pakona pa msewu wathu. Mpunga wawo unali ngati wa wina aliyense. Chimene anthu ankathamangira ndi makoko apansi pa poto, amene kuno timati konkoni, ofiirira bwino, okhukhuluzika m'kamwa. Ana awo atatu anaphunzira sukulu ndi makoko amenewo.

Lachitatu lina masana a Fredesvinda anatulukira ali wefuwefu, poto watsopano ali m'khwapa.

"A Nicanor, poto wanga ali muno. Mwana wanga Yokasta anabwera naye dzulo ine ndili kuchipatala. Akuti wandichitira chifundo."

"Nanga watsopanoyo?"

"Ameneyu? Sagwira kanthu. Mpunga ukungotereramo ngati mwapakidwa sopo. Akabaza andifunsa lero ngati ndayamba kuphikira odwala. Awiri apita kale kukadya kwa Milagros, munthu wosadziwa ngakhale kuthira mchere."

Ndinatsegula khola. Munali mapoto oposa zana, onse akuda, onse opindika milomo. Iwo sanataye nthawi n'kuwayang'ana. Anasolola supuni yawo yopalira m'thumba la epuloni, nayamba kugogoda pansi pa poto aliyense, khutu lili pafupi. Ine ndinkangosuntha amene awakana.

Phokosolo linatulutsa a Wilkin, bwana wa sitolo.

"Mayi, mwatsegula bandi kuseri kuno?"

"Takhala chete mwanawe, ukundisokoneza."

Anagogoda mpaka dzuwa linachoka pakhoma. Kenako poto wina analira mosiyana ndi anzake, mawu akuya, ochedwa kuzirala. Anamugogodanso kachiwiri. Anamupukuta ndi epuloni.

"Pepani mayi," anatero a Wilkin, "cholowa m'kholamu sichituluka. Zonse tinayeza kale, a lole mawa adzafuna kulemera komweko."

A Fredesvinda anaika poto wakaleyo pa sikelo, tonse tinaona pamene singano yaima. Anamuchotsa n'kuikapo watsopano uja, pepala la mtengo likadali pomwepo. Singano sinafike ngakhale theka. Anawonjezera chivundikiro. Inasuntha pang'ono chabe.

"Mwaona katundu wanuyo? Wopepuka ngati malonjezo a mpongozi wanga."

A Wilkin anaseka, koma sanasinthe mawu.

Pakona panali ketulo yanga yachitsulo yophikira khofi, imene ndinabwera nayo tsiku loyamba ntchito. Ndinakhuthula khofi wotsala m'kapu, ketuloyo n'kuiika pa sikelo. Singano inafika pamene inaima poyamba paja.

"Aa, madala, ndiye khofi muziphikira m'chipewa?" anafunsa a Wilkin.

Ndinaponya poto watsopano, chivundikiro ndi ketulo m'khola, n'kutseka.

A Fredesvinda ananyamula wawo ndi manja awiri. Pageti anatembenuka.

"Mawa mubwere kudzadya konkoni isanakwane thwelofu, a Nicanor. Akabaza aja sasiya kanthu."