Madiresi Akuda pa Zenera

Ba Regina Tembo, neba wanga ku Kabwata, ankadana ndi mdima ngati matenda. Ukachedwa kutsegula zenera ankagogoda: "Muli malilo m'nyumba muno?" Ndinakangana nawo kangapo, koma ndani akanawaposa pakamwa? Anachoka ku Chipata ali mtsikana, nakwatiwa ndi ba Amock ogwira ntchito kufakitale. Ba Amock atamwalira ndi khansa ya pakhosi, mayiwa anapeza ntchito yosesa mu labotale ina m'tauni. Munali mu 1985.

M'labotalemo munali ba Helen Sakala a ku Woodlands, katswiri wofufuza mankhwala. Ankatcheza utoto m'masamba. Utotowo ukalowa m'maselo a khansa n'kuuwalitsira nyali yofiira, maselowo amafa, koma ukaona kuwala nthawi isanakwane umasuluka n'kutha mphamvu. Akuluakulu anali atawauza kuti Disembala akafika popanda chooneka, chipinda chawo chidzasanduka mosungira katundu.

Lolemba lawo loyamba ba Regina analowa m'chipindamo, naona mazenera omatidwa mapepala akuda. Anang'amba onse, kukawatentha, kutsuka magalasi mpaka mbee. Dzuwa linalowa n'kudya ntchito ya miyezi inayi.

Ba Helen sanakalipe. Anawakhazika pansi n'kuwafotokozera zomwe zinali m'mabotolo. Ba Regina anandiuza kuti bola akanawamenya mbama.

"Ndiye ni mankhwala a matenda aja anatenga ba Amock?" anafunsa.

"Akalibe kukhala mankhwala, amai," anatero ba Helen. "Tikali kuyesa chabe."

Utoto akanatchezanso, koma mdima akanautenga kuti? Inali nthawi ija ya mizere m'masitolo, sopo kusowa, mafuta kusowa. Ba Helen anayenda Cairo Road yonse mpaka ku Kamwala: pepala lakuda kulibe, nsalu yakuda kulibe.

Loweruka ba Regina anabwera kudzabwereka makina anga osokera, atanyamula madiresi akuda omwe anavala chaka chathunthu polira amuna awo. Anali atayenderanso akazi amasiye a ku tchalitchi cha Reformed, khomo ndi khomo, kupempha madiresi awo. Ena anati mayiwa mutu wazungulira, zovala zamaliro sapatsana. Inenso ndinatero, sindibisa. Anangondiyang'ana kamodzi, ine n'kutulutsa makina.

Makataniwo anatuluka onyansa, zigamba zokhazokha, mabatani ali pomwepo, koma kuwala sikunadutse. Kuyambira pamenepo ba Regina ankaima pakhomo ndi tsache, moti ngakhale mkulu wa labotale sankalowa asanagogode. Mu Novembala maselo a khansa a m'kambale koyesera anafa pomwe panawalira nyali, enawo ali moyo. Chipinda sichinalandidwe, ngakhale ba Helen ananena okha kuti mankhwala enieni akadali kutali.

Tsiku limenelo ba Helen, pokoka katani, dzanja lawo linalowa m'thumba la diresi. Anafunsa ba Regina ngati nsaluzo adzazifunenso.

"Iyai, mwana wanga," anatero ba Regina. "Ninazivala chaka chonse, ba Amock sanabwelele. Apa zisebenze, zigwireko ntchito."