Kampopi ka Dzanja Limodzi

Ndikamva firiji ikung'ung'udza yokha masana m'nyumba muli zii, mtima wanga umabwerera kwathu ku Dambwa, mu Livingstone, m'chilimwe chimene agogo aamuna anadzakhala nafe. Firiji yathu inali pabalaza, osati kukhitchini, chifukwa amayi ankati chinthu chotere sabisa. Pamwamba pake anayalapo kansalu koluka n'kuikapo maluwa apulasitiki. Inkalira kwa nthawi, kenako n'kunjenjemera kamodzi n'kukhala duu, ndipo ikatero m'pamene unkamva nyenje m'mitengo ya kuseri ndi tindege tonyamula alendo okaona mathithi. Ine ndinali kamtsikana ka pulayimale, ndipo ndinkatsegula chitseko chake popanda chifukwa, kungofuna kuti kampweya kozizira konunkhira matimati kandiwombe kumaso. Ndinakwapulidwapo kangapo pa nkhani imeneyi, koma kusiya ayi.

Amene sanakhalepo ku Livingstone mwezi wa Okutobala asamanene kuti kutentha amakudziwa. Mchenga wa mumsewu unkaotcha mapazi ngakhale utavala patapata. Malata ankathetheka pamwamba pathu, agalu ankakumba maenje pansi pa mpanda n'kugonamo malilime ali panja, ndipo pampopi wapanja pankatuluka madzi oti ukhoza kuviikamo masamba a tiyi. Anthu akuluakulu ankayenda m'mbali mwa makoma, kusaka kamthunzi kalikonse.

Agogo, bambo awo a atate, anabwera kuchokera ku Katete atadwala matenda ofa ziwalo. Dzanja lamanja linangoti lende, mwendo wamanja ankachita kuukoka, koma mutu unali bwinobwino, ndipo kuuma mtima kwawo matenda sanakukhudze n'pang'ono pomwe. Atate, amene ankagwira ntchito kunjanji, anawatenga kuti azipita kuchipatala kukawongoletsa ziwalozo. Agogowo anali munthu wamtali, wa makutu akuluakulu, amene chitsime cha pakhomo pawo anakumba yekha, denga n'kufolera yekha. Kuchitiridwa zinthu ankadana nako koopsa.

Tsono panalinso chipongozi. Kwathu munthu ndi mpongozi wake sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, salandirana chinthu m'manja. Mabanja ambiri a m'tauni anazisiya kalekale zimenezi, koma agogo ayi, ndipo amayi, amene anakulira ku Chadiza, ankazisunga mosanyinyirika. Mawu awo onse ankadzera mwa ine. M'mawa amayi ankagwada pakhomo la pabalaza, nkhope ili kumbali, n'kunena kuti, "Zelipa, afunse agogo ngati adzuka bwino." Agogo, ali pampando pomwepo, ankayankha akuyang'ana pawindo: "Uwauze kuti ndadzuka, kaya iwo." Ine ndinkabwereza zonsezo mokweza, chifuwa chili patsogolo, ndikudziona ngati bwana wamkulu wa nyumba yonse.

Vuto linali lakuti atate ankalawirira kuntchito, ine n'kupita kusukulu, m'nyumba n'kutsala anthu awiri osatha kupemphana kanthu. Amayi ankasiya jagi ya madzi ndi kapu pakatebulo pafupi ndi mpando wa agogo. Tsiku lina agogo ananyamula jagiyo ndi dzanja lamanzere, inawapulumuka, madzi n'kukhuthukira pathalauza ndi pansi ponse. Amayi atamva phokoso anathamanga ndi chiguduli, n'kugwada kukolopa pafupi ndi mapazi a apongozi awo. Kwa agogo amenewo anali manyazi osaneneka. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kumwa madzi masana. Amayi ankawasiyira makapu othira kale, koma iwo ankangowayang'ana mpaka madziwo atenthe, n'kudzandiuza ndikaweruka kuti iwo si khanda loikiridwa zakumwa pambali.

Munthu anayamba kuuma tikuona. Milomo inang'ambika, mawu anasasa, akaimirira ankagwira khoma chifukwa cha chizungulire. Tsiku limene ndinawaperekeza kuchipatala ndi atate, namwino anatsina khungu la padzanja lawo n'kulisiya, ndipo khungulo linangokhala chiimire osabwerera. Mayo ine, ndinachita mantha! Namwinoyo anawauza m'Chinyanja cha m'tauni, osazungulira: "Ba tate, ngati simuzamwa manzi, tizakugonekani pano na dripu. Kupya kwa kuno sikuseka na muntu." Agogo anangoti, "Ndamva," koma tonse tinadziwa kuti kumva kwake kunali kwa pakamwa chabe.

Atate ndiwo anabwera ndi nzeru ya chigubu cha kampopi chokhala m'firiji. Anachigula pochokera kuntchito, osachiyang'anitsitsa n'komwe, chifukwa atate pogula zinthu ankangoona mtundu. Koma kukongola kwake! Chinali choonekera mkati, cha chivindikiro chobiriwira, ndipo kutsogolo kwake kunali kampopi kopotokola. Ana a nyumba zoyandikana anabwera kudzaona mpopi wa m'firiji, ine n'kumawaimika pamzere. Agogo anachiyesa nyumba ili phee: ankatsamiritsa ndodo pakhoma, kuika kapu pashelefu yam'munsi, kupotokola, kutseka, n'kumwa ali chiimire. Masiku oyambawo amayi ankachita dala kukachapa panja nthawi yaitali kuti apongozi awo amwe momasuka.

Sipanapite nthawi, kampopi kaja kanayamba kudontha. Kankangoti tho, patapita nthawi tho, mpaka madzi anadzaza pansi pa firiji n'kutulukira pachitseko. Tsiku limenelo nditaweruka ndinapeza agogo atavula malaya, akuwapondereza ndi phazi lamanzere pamadzipo, thukuta lili kamukamu, akuyesa kupukuta amayi asanalowe. Anakhulupirira kuti ndi iwo amene sanatseke bwino. Amayi anandituma kuti ndiwauze kuti chigubucho n'chimene chili ndi vuto, koma agogo anapukusa mutu. "Amako ndi munthu waulemu," anatero. "Akungondibisira manyazi." Firiji sanaiyandikirenso, ndipo anayamba kunena zobwerera ku Katete, akafere kwawo.

Loweruka m'mawa amayi anandidzutsa kuti tipite m'tauni. Zimene ananyamula zinandidabwitsa: chigubu china chodzaza madzi a pampopi, kapu ya agogo, manyuzipepala akale, ndi kachingwe kamene anayezera shelefu ya firiji, atamanga mfundo posonyeza kutalika ndi kuya kwake. Madziwo anandisenzetsa ine. Tinatsika minibasi n'kudutsa pa Mukuni Park, pamene osema ziboliboli anakhala mumthunzi akupaka polishi mvuu zamatabwa, ndipo fungo la polishiyo linatitsatira mpaka kumasitolo.

M'sitolo yoyamba anatikaniza kuthira madzi m'katundu wawo. Amayi sanakangane nawo, anangoti zikomo n'kutuluka. Kwina anatiseka. Ine manyazi anandigwira, khosi likuwawa ndi madzi ndinasenza aja, ndipo mumtima ndinkati amayi awa atichititsa chipongwe tauni yonse. Potsiriza tinalowa m'kasitolo kothinana ka mapoto ndi mabeseni, mmene munali mayi wina wonenepa akudzipepeza ndi katoni. Iye anati, "Ba mami, izi zonse ni zabwino, palibe yamene idontha. Koma ngati mufuna kuyesa, yesani."

Apo m'pamene ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Amayi analowetsa dzanja lawo lamanja m'chitenje, m'chiuno, n'kulisiya momwemo. Zonse anayamba kuchita ndi lamanzere lokha. Anayeza zigubu ndi kachingwe kaja, zazitali n'kuziika pambali. Zotsalazo ankazitsegula n'kupisa dzanja mkati, kufufuza ngati kuseri kwa kampopi kuli kamphira kochindikala komangidwa bwino, ndiponso ngati kukamwa kwa chigubucho n'kwakukulu koti munthu atsuke mpaka m'makona. Za kampopi kopotokola sanazifune n'komwe. Anasankha zitatu za kampopi kokankha ndi kapu, kamene ukachotsa kapuyo kamabwerera kokha n'kutseka. Mayi wogulitsa uja anasiya kudzipepeza. "Nanga kwanja kwanu kwachita bwanji, ba mami?" Amayi anayankha kuti dzanja lawo lili bwino, koma la mwini wake wa chigubucho ndi limene silili bwino. Mayiyo sanafunsenso, anangochotsa mabeseni patebulo kuti tipeze malo.

Chimodzi chinagwa mayeso msanga, chifukwa chikatsala ndi madzi ochepa chinkathawa kapu ikachikankha. Ziwiri zotsalazo amayi anazidzaza, kuzipukuta mpaka kuuma, kukankha timipopi take kambirimbiri, n'kuzikhazika chilichonse panyuzipepala yake. Kenako tinadikira. Anthu amene analowa kudzagula masupuni anaiwala zimene anadzera. Bambo wina wovala tayi ananjuta pambali panga, tonse maso ali pa timipopi tija, m'sitolo muli chete ngati m'tchalitchi. Pakamwa pa kampopi kamodzi panayamba kuoneka kadontho. Kanakula pang'onopang'ono, kakunyezimira, kakulendewera, mpaka kanagwa panyuzipepala kuti tho! Sitolo yonse inati, "Aaa!" Chinacho, chooneka wamba, choyera, chachifupi ndi chotambalala pansi, chinangokhala phee, pepala lake lili gwa. Ndinayang'ana amayi anga ngati ndikuwaona koyamba. Mayi yemweyu amene ankandikalipira za masokosi anaimitsa sitolo yathunthu ndi dzanja limodzi.

Kunyumba amayi sanachiike m'firiji nthawi yomweyo. Anayala manyuzipepala awiri patebulo la pabalaza, kutsogolo kwa mpando wa agogo. Pa imodzi anaikapo chigubu chakale chija atachidzaza n'kuchitseka mwamphamvu, pa inayo chatsopano. Kenako anagwada pakhomo n'kulankhula mokweza kuposa masiku onse: "Zelipa, chakalecho asachikhudze munthu. Chatsopanocho uzitungamo ndi dzanja limodzi, linalo uike kumbuyo." Ndinatunga, ndinamwa, ndinatunganso, mpaka mimba inati ndendende. Agogo ankayang'ana pawindo ngati sizikuwakhudza. Koma dzuwa likupendeka, nyuzipepala ya chigubu chosakhudzidwacho inali itanyowa mpaka madzi kuyenderera patebulo, ndipo ndinawaona akuiponyera diso lam'mbali. 

Lamulungu agogo sanamwe. Lolemba nditaweruka ndinathamangira kufiriji, n'kupeza madzi ali pomwe amayi anawasiya. Milomo ya agogo inali itayamba kutuluka magazi, ndipo atate ankalankhula motsitsa mawu zokawagoneka kuchipatala. Amayi sanatumenso uthenga uliwonse. M'mawa uliwonse ankataya madzi adzulo m'maluwa, kutsuka chigubu, kuthiramo ena, kuika kapu pamwamba pa firiji kumbali ya kumanzere, n'kutuluka panja.

Tsiku lina mkati mwa sabatayo ndinakumana ndi amayi panjira akuchokera kumsika wa Maramba, atasenza thumba la makala, nkhope yonse ili fumbi ndi thukuta. Tinafika limodzi kunyumba. Pakhomo la pabalaza, pamalo pamene amayi ankagwada, panali kampando, ndipo pakampandopo panali kapu yodzaza, kunja kwake kuli mame a kuzizira. Agogo anali pampando wawo, kapu ina yopanda kanthu ili pamwendo, ndevu zili zonyowa. Kuchokera pafiriji kufika pakampandopo pansi panali pouma. Mmene anayendera mtunda umenewo ndi kapu yodzaza, ndodo atasiya, mwendo akukoka, mpaka lero sindidziwa.

Ndinakonza pakhosi, kudikira kuti anditume. Koma agogo sananditchule. Akuyang'anabe pawindo, anati, "Apongozi, madzi anu ali apo. Imwani asanatenthe."

Amayi anatula makala pang'onopang'ono. Anagwada, anawomba m'manja mofatsa, n'kuyankha okha: "Zikomo, apongozi." Anatembenukira kukhoma n'kumwa madzi onse osapumira, ndipo atamaliza anakhalabe choncho nthawi yaitali, kapu ili m'manja, mapewa akugwedezeka. Ine ndinangoima pakati pawo kukamwa kuli yasa, osadziwa kuti ndiyang'ane ndani.

Agogo sanagonekedwe m'chipatala. Anamwa madzi chilimwe chonsecho, ndipo anabwerera ku Katete mvula itagwa, akuyenda bwinoko. Masiku amenewo ine ndinkakhulupirira kuti chimene chinawapulumutsa ndi kawaya kobisika m'kampopi kamene kankakabweza kokha, ndipo ndinkauza anzanga kusukulu kuti kwathu kuli mpopi wanzeru. Ndinakwiyanso pang'ono kuti anandilanda ntchito yanga yonyamula mawu. Pano ndine wamkulu, ndasamalirapo odwala anga, ndipo ndikudziwa kuti ludzu agogo akanatha kulipirira mpaka kufa nalo. Chimene sakanatha n'kukhala m'nyumba ya mwana wawo ngati munthu wongolandira. Amayi anazidziwa zimenezi popanda kuwayang'ana m'maso ngakhale kamodzi, ndipo anayenda tauni yonse padzuwa lija kusaka chinthu choti bambo wa dzanja limodzi athe kutungira mnzake madzi.